Gudumu M'kapamba

Chipinda changa chilibe zenera.
Akuti kunjaku mphepo ya kumtsinje
ikukolopa misewu ya Montevideo ndi mvula ya Julaye,
koma nyengo imene ndimaidziwa ine
ndi ya m'mimba mwa anthu,
yakuda, yotuwa, yoyera,
yodulidwadulidwa ngati buledi.

Bambo Ubaldo Techera anabwera ndi kamwala ka mu impso.
Ndinakaona, kochepa ngati njere ya mpunga,
kali kale pakhomo potulukira.
Ndikanatseka pomwepo.
Koma diso ndi mbuzi,
silidya pamene walimangirira.
Linakwera chakumanzere, kuseri kwa nthiti,
kumene kapamba amakhala phee
ngati walendi wosavutitsa mwini nyumba,

ndipo m'menemo munali chinthu.
Chozungulira, kukula kwake dzira la nkhuku,
chokhala mwaulemu m'kati mwa mpanda wake.

Tinawaitananso Lachinayi.
Anagona m'mphako ya makina a maginito
amene amakhoma ngati wosula zidebe,
namwino nawathira utoto mumtsempha wa pamkono.
Ine kudikira.
Utoto unayambira m'mphepete,
nuyenda chakatikati m'timizere,
mphindi imodzi, mphindi zitatu, zisanu,
osafulumira, ngati madzi otsata ngalande,
pakati penipeni nkusiyapo chipsera chakuda
chooneka ngati nyenyezi.

Masipoko.
Gudumu la njinga m'thupi la munthu.

Ndinaitana Zulma. Anatula chikho chake cha mate,
nayandikira mpaka mpweya wake kudetsa galasi.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili mumdima uno
ndaonapo atatu okha magudumu otere.
Iye limodzi, nalonso pamsonkhano.
Dzina la chotupachi ndi lalitali kuposa chotupacho,
koma tanthauzo lake ndi lalifupi:
sichisamuka, sichidya anzake.

Khansa ilibe mwambo wotere.
Imaboola mpanda, imatuma ana ake kuchiwindi.
Ndinafufuza chiwindi kawiri. Mbee.

Komabe chithunzi si mnofu.
Ndinalemba kuti ndithu, nkufufuta.
Ndinalemba kuti chikuoneka ngati,
mawu amene ndakalamba nawo.
A Bentancor a kuopareshoni amati
chotupa chimanena zoona chikakhala m'botolo,
ndipo sanama.
Koma botololo limatenga ndi kapamba yemwe,
munthu nkutsala akuopa kutentha thupi kulikonse
moyo wake wonse.

Odwala sabwera kuchipinda chino.
Awa anagogoda, chipewa m'manja,
jekete likununkha girisi.
Amakonza njinga ku La Teja, anatero,
ndipo anamva kwa namwino za gudumu.
Ndinawapatsa mpando wa Zulma.
Anatambasula chala cha chikhadabo chakuda,
osakhudza galasi,
nawerenga pakamwa pakugwedera.

"Asanu ndi awiri okha?
Ena opindika chonchi?
Limeneli, adokotala, silingayende."

Ndinati ndi zimene tikufunazo, bambo,
kuti lisayende.

Anaseka mpaka kugwira nthiti,
kenaka anakhala duu.
Anafunsa ngati ndinganene molumbira.
Ndinati ayi.
Ndinati singano ikhoza kutiuza zambiri
koma kapamba sachedwa kukha magazi,
mpeni ulipo, kudikira kuliponso,
ndipo akanakhala mchimwene wanga
ndikanati tidikire, tiyezenso.

Anapisa m'thumba, natulutsa bokosi la machesi.
M'katimo munali kamwala kaja,
kanatuluka Lachiwiri usiku.
"Aka kanandiliza ngati mwana,
chachikulucho sindichimva nkomwe."
Anakagwedeza pafupi ndi khutu, natseka, napita.

Ndinayezanso ndekha.
Mamilimita makumi anayi ndi imodzi.
Ndalemba pakapepala, ndamata m'mphepete mwa galasi
pambali pa nambala ya wokonza makina.
Januwale adzabwera ndi dzuwa lake
limene sindidzaliona,
bamboyo adzagonanso m'mphako muja,
ine ndidzaika muyezo pamalo omwewo
nditagwira mpweya ngati ndine wojambulidwa.

Pakadali pano pagalasi pafika bondo
la mtsikana wogwa pa mpira.